MPHEZI NDI DENGA LOSAONEKA LA MLENGALENGA

Chaka ndi chaka, kuyambira mu Novembala mpaka mu Epulo, ife a kuno ku Mchinji timakhala pachinansi ndi mphezi ngakhale sitifuna. Mitambo ikangounjikana pamwamba pa mapiri a kumalire ndi Zambia, alimi amaweruka msanga kumunda, abusa a ng'ombe amakusa ziweto, ndipo amayi amaitana ana kuti alowe m'nyumba. Tonsefe timadziwa zinthu ziwiri zimene mphezi imatulutsa: ching'aning'ani chimene timaona ndi maso, ndi bingu limene timamva ndi makutu. Koma pali chinthu chachitatu chimene maso ndi makutu athu sangachigwire paokha. Mphezi iliyonse imatulutsa mafunde a wailesi, ndipo akatswiri a sayansi amagwiritsa ntchito mafundewa poyeza chigawo china cha mlengalenga chimene munthu sangathe kukaikako chida n'kuchisiya. M'phunziro lino tiona mmene zimenezi zimatheka. Masamu ake ndi omwe aja timaphunzira mu Fomu 2, choncho wina asachite mantha.

MPHEZI NDI NYUMBA YOULUTSIRA MAWU

Mu mtambo wa mvula yamabingu, mphepo yamphamvu imakweza madontho a madzi ndi timatalala, ndipo zinthuzi zikamagundana zimalekanitsa mphamvu ya magetsi. Mbali ina ya mtambo imadzaza ndi mphamvu ya mtundu umodzi, mbali ina ndi ya mtundu wina. Kusiyanaku kukakula kwambiri, magetsi amaboola njira mumpweya n'kudutsa mwadzidzidzi. Imeneyo ndiyo mphezi. Mphezi wamba yofika pansi imanyamula magetsi okwana pafupifupi ma ampere 30,000, ndipo mpweya wa m'njira yake umatentha kufika pafupifupi madigiri 30,000, kuposa kasanu kutentha kwa pamwamba pa dzuwa. Mpweya wotenthawo umafutukuka mwamphamvu, ndiye bingu lija.

Tsono lamulo la sayansi likuti paliponse pamene magetsi akusintha mofulumira, pamatuluka mafunde a wailesi. Ndi mmene nyumba youlutsira mawu imagwirira ntchito: imayendetsa magetsi uku ndi uku mu mlongoti wautali. Njira ya mphezi ndi mlongoti wotalika makilomita angapo umene umangokhalapo kanthawi kochepa zedi. N'chifukwa chake wailesi ikakhala pa MW kapena pa SW nthawi ya dzinja imalira kuti thethethe, ngakhale kunja kuli ngwee. Mphezi imene ikuchititsa phokosolo mwina ikugwa ku Kasungu, ku Tete kapena kutali ku Congo. Phokoso limeneli akatswiri amalitcha sferics.

Mafunde a wailesi amasiyana pa kuchuluka kwa kugwedezeka kwawo pa sekondi imodzi, ndipo muyeso wake ndi hertz. Wailesi ya FM imagwira mafunde ogwedezeka ka 88 miliyoni mpaka ka 108 miliyoni pa sekondi. Mphamvu yaikulu ya mphezi ili m'mafunde odekha kwambiri otchedwa VLF, ogwedezeka ka 3,000 mpaka ka 30,000 pa sekondi. Mafunde otere amatha kuyenda makilomita zikwizikwi asanazilale. Funso ndi lakuti, popeza dziko ndi lozungulira ndipo mafunde amayenda molunjika, amakhota bwanji kuti atipeze?

DENGA LOSAONEKA

Funso lomweli linazunguza anthu mu Disembala 1901, pamene Guglielmo Marconi ananena kuti walandira chizindikiro cha wailesi ku St John's ku Newfoundland chochokera ku Poldhu ku England, kutsidya kwa nyanja ya Atlantic. Mu 1902 anthu awiri, Arthur Kennelly ku America ndi Oliver Heaviside ku England, aliyense payekha, anaganiza kuti kumwamba kuyenera kuti kuli chigawo cha mpweya chimene chimabweza mafunde pansi monga mmene phiri limabwezera mawu. Umboni unapezeka mu Disembala 1924 pamene Edward Appleton ndi wophunzira wake Miles Barnett anagwiritsa ntchito mlongoti wa BBC wa ku Bournemouth n'kupeza kuti mafunde ankabwerera pa mtunda wa pafupifupi makilomita 100 kuchokera pansi. Appleton analandira mphotho ya Nobel mu 1947 chifukwa cha ntchito imeneyi.

Chigawochi dzina lake ndi ionosphere. Chimayambira pa makilomita pafupifupi 60 kukwera mpaka makilomita 1,000. Kumeneko kuwala kwamphamvu kwa dzuwa, kumene sikufika pansi pano, kumamenya tizidutswa ta mpweya n'kuthothola maelekitironi. Maelekitironi omasukawo ndi amene amachititsa kuti mpweya wa kumeneko uzibweza kapena kumeza mafunde a wailesi. Akatswiri anagawa ionosphere m'zigawo zitatu. Chapamwamba ndi F, kuyambira pa makilomita pafupifupi 150. Chapakati ndi E, pakati pa makilomita 90 ndi 150. Chapansi penipeni ndi D, pakati pa makilomita 60 ndi 90. Kuti timvetse mtunda umenewu, tikumbuke kuti msewu wochoka pa boma la Mchinji kukafika ku Lilongwe ndi wa makilomita pafupifupi 110. Ndiye kuti denga likunenedwali lili pafupi ndi ife kuposa likulu la dziko lathu.

Chigawo cha D chili ndi khalidwe lakelake. Masana chimadzaza maelekitironi, koma popeza mpweya wa kumeneko ukadali wothinana poyerekeza ndi wa pamwamba, maelekitironiwo amagundana kawirikawiri ndi tizidutswa ta mpweya. Kugundanaku kumadya mphamvu ya mafunde a MW ndi ena a SW. Dzuwa likalowa, maelekitironi ambiri amagwidwanso, chigawocho chimatsala pang'ono kutha, ndipo mafunde amadutsa n'kukabwerera pa chigawo cha E kapena F. Makolo athu amene ankatchera khutu ku mawailesi akunja m'zaka za 1992 ndi 1993, nthawi ya kalata ya maepiskopi ndi referendamu, akukumbuka kuti mawailesi akutali ankamveka bwino kukada. Chifukwa chake ndi chimenechi.

CHIGAWO CHOVUTA KUCHIFIKIRA

Pa zigawo zonse za mlengalenga, ichi cha D ndi chimodzi mwa zovuta kwambiri kuyeza. Ndege zonyamula anthu zimauluka pa makilomita 10 mpaka 12. Zibaluni za akatswiri a zanyengo zimaphulika zikafika pa makilomita 30 kapena kupitirira pang'ono. Masetilaiti sangazungulire dziko pa makilomita 80 chifukwa mpweya ungawakoke n'kuwatentha. Roketi imadutsako ndithu, koma imangokhalako mphindi zochepa ndipo ndi yodula. Makina otumiza mafunde m'mwamba n'kudikira kuti abwerere, amene amathandiza poyeza zigawo za E ndi F, sachiona bwino chigawo cha D chifukwa maelekitironi ake ndi ochepa.

Apa ndi pamene mphezi imalowerera. Mafunde a VLF salowa mkati mwa ionosphere kwenikweni, amabwerera kunsi kwake, pa makilomita pafupifupi 70 masana ndi pakati pa 85 ndi 90 usiku. Pansi pano nthaka ndi madzi a m'nyanja zimawabwezanso m'mwamba. Motero fundelo limayenda likunjanja pakati pa nthaka ndi denga, ngati mpira woponyedwa m'khonde lalitali la malo ogona. Nthawi iliyonse likakhudza denga limatengako chizindikiro cha mmene dengalo lilili. Ndipo mphezi sizisowa. Setilaiti ina ya NASA imene inaulutsidwa mu 1995 inapeza kuti pa dziko lonse pamang'anima mphezi pafupifupi 44 pa sekondi iliyonse, ndipo chigawo cha pakati pa Africa, makamaka kum'mawa kwa Congo, chili m'gulu la malo a mphezi zochuluka koposa. Ndiye kuti ife tili pafupi ndi nyumba zoulutsira mawu zamphamvu zimene sitilipira ndi tambala yomwe.

TIYEZE DENGALO NDI MASAMU

Tiyerekeze kuti usiku wina mphezi yagwa pa mtunda wa makilomita 240 kuchokera pamene tili. Chida chathu chilandira chizindikiro kawiri. Choyamba ndi funde loyenda motsata nthaka, makilomita 240. Chachiwiri ndi funde lokwera m'mwamba, kukhudza denga pakatikati pa ulendo, n'kutsikira kwa ife. Mafunde a wailesi amathamanga pa liwiro la kuwala, makilomita 300,000 pa sekondi.

Tinene kuti chida chaonetsa kuti funde lachiwiri lachedwa ndi sekondi 0.0002. Tikachulukitsa 0.0002 ndi 300,000 tipeza makilomita 60. Choncho funde lachiwiri layenda 240 kuphatikiza 60, ndiwo makilomita 300: pokwera 150, potsika 150. Jambulani tsopano thirayango ya ngodya yowongoka. Mzere wopendekeka ndi 150, mzere wapansi ndi theka la 240, lomwe ndi 120. Mwa lamulo la Pythagoras, 150 kuchulukitsa ndi 150 ndi 22,500, ndipo 120 kuchulukitsa ndi 120 ndi 14,400. Tikachotsera titsala ndi 8,100. Nambala imene ikachulukitsidwa ndi iyo yomwe imapereka 8,100 ndi 90. Denga lili pa makilomita 90. Akatswiri amawonjezapo kukonza kwina chifukwa dziko ndi lozungulira, koma maziko ake ndi omwewa.

Wina afunsa kuti, nanga ngati sitikudziwa pamene mphezi yagwa? Usiku funde limatha kunjanja kawiri, katatu, ngakhale kupitirira apo, ndipo kunjanja kulikonse kumafika ndi kuchedwa kwake. Tikakhala ndi kuchedwa kuwiri kapena kutatu, masamu amatipatsa zonse ziwiri, mtunda wa mphezi ndi kutalika kwa denga. Njira imeneyi inakula kuno kum'mwera kwa Africa. Basil Schonland, wobadwira ku Grahamstown ku South Africa mu 1896, anajambula mphezi za ku Johannesburg m'zaka za 1930 ndi kamera yozungulira mofulumira, naonetsa kuti mphezi imatsika pang'onopang'ono ngati pamakwerero isanang'anime kwambiri. Mu 1940 iye ndi anzake anafalitsa zotsatira za kafukufuku wa mafunde a mphezi a usiku, momwe anagwiritsa ntchito kunjanjaku poyeza mtunda wa mphezi ndi msinkhu wa denga.

KULIRA KWA USIKU

Pali chinthu china chokondweretsa. Khutu la munthu limamva mawu ogwedezeka ka 20 mpaka ka 20,000 pa sekondi. Mafunde ambiri a mphezi ali m'malire omwewa. Iwo si mawu ayi, koma tikawagwira ndi waya n'kuwakulitsa ndi kuwatumiza ku sipika, amasanduka mawu omveka.

Mphezi yapafupi imamveka ngati kuthyoka kwa kamtengo kouma. Mphezi yakutali kwambiri, imene yayenda makilomita zikwi zingapo usiku, imamveka ngati kulira kwachidule kwa kambalame kapena kwa waya wokokedwa, ndipo imatchedwa tweek. Chimene chimachitika ndi ichi. Mafunde ogwedezeka msanga amayenda molunjikirapo ndipo amafika poyamba. Odekha amanjanja kambirimbiri motsetsereka, ulendo wawo umatalika, ndiye amafika mochedwa. Kulirako kumatsika mpaka kuima pa malire ena, kawirikawiri pafupi ndi 1,700 hertz. Pa malire amenewa theka la utali wa funde limakwanira ndendende pakati pa nthaka ndi denga. Tigawe 300,000 ndi 1,700: tipeza kuti funde limodzi ndi lotalika makilomita pafupifupi 176. Theka lake ndi 88. Taonani, kuchokera pa kulira kumodzi kosakwana sekondi tapeza msinkhu wa denga la usiku umenewo. Malirewo akakwera, ndiye kuti denga latsika.

Mtundu wachitatu ndi whistler, umene umamveka ngati mluzu wotsika kwa sekondi imodzi kapena ziwiri. Heinrich Barkhausen wa ku Germany anaumva pa zida zomvetsera matelefoni a adani pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, nalemba za iwo mu 1919. Mu 1953 Owen Storey wa ku Cambridge anafotokoza kuti ndi mphamvu ya mphezi imene yaboola ionosphere, n'kutsata mizere ya maginito a dziko kutali m'mlengalenga, n'kukatsikira mbali ina ya dziko. Mwachitsanzo, mzere wa maginito wochoka kufupi ndi gombe la kum'mawa kwa South Africa umakatsikira ku Hungary, ndipo pa malo otchedwa Tihany akatswiri akhala akumvetsera miluzu yotere kwa zaka zambiri. Kwathu kuno, kufupi ndi pakati pa dziko, miluzuyi simveka kawirikawiri.

Dziko la Hungary lili ndi mbiri inanso pa nkhaniyi. Chida choyamba chozindikira mphezi ndi mafunde a wailesi anachionetsa Alexander Popov ku Russia mu 1895. Patangopita zaka zochepa, a chipani cha Ajezwiti Gyula Fényi ndi Johann Schreiber anapanga chida cholemba mphezi zakutali pa malo oonera zakumwamba a ku Kalocsa. Bambo Fényi omwewo ndi amene anasindikiza miyeso ya zanyengo imene Bambo László Menyhárth ankalemba pa mishoni ya Boroma kufupi ndi Tete m'zaka za 1890.

PHINDU LAKE N'CHIYANI?

Phindu loyamba ndi chitetezo cha mauthenga. Nthawi zina pa dzuwa pamachitika kuphulika kumene kumatumiza kuwala kwa X-ray. Kuwalako kumafika kuno pa mphindi 8 zokha, kumadzaza chigawo cha D ndi maelekitironi, denga limatsika ndi makilomita angapo, ndipo mafunde a SW amamezedwa mbali yonse ya dziko imene kuli masana. Ndege zouluka pamwamba pa nyanja zikuluzikulu, sitima zapamadzi ndi magulu opulumutsa anthu amadalirabe mafunde amenewa. Pa 6 Sepitembala 2017 kuphulika kotere kunadula mauthenga a wailesi kwa maola angapo ku zilumba za Caribbean, nthawi imene namondwe Irma ankasakaza kumeneko. Kuyeza chigawo cha D kumathandiza kudziwa kukula kwa vuto ndi nthawi imene lingathe. Mu Novembala 2022 bungwe la SANSA linatsegula ku Hermanus ku South Africa malo ochenjeza za nyengo ya m'mlengalenga ogwira ntchito usana ndi usiku.

Phindu lachiwiri ndi kudziwa pamene mphezi ikugwa. Gulu la zida lotchedwa WWLLN, loyendetsedwa ndi University of Washington ku Seattle, lili ndi malo omvetsera oposa 70 pa dziko lonse. Malo osachepera asanu akamva mphezi imodzi, kusiyana kwa nthawi imene chizindikiro chafika pa malo aliwonse kumaonetsa pamene yagwa. Kuti masamuwa alondole, akatswiri ayenera kudziwa mmene denga lilili, pakuti ndilo njira imene mafundewo adutsa.

Nkhaniyi ikutikhudza ife Amalawi kwambiri. Kafukufuku amene Monique Borgerhoff Mulder ndi anzake anafalitsa mu 2012 anapeza kuti m'boma la Nkhata Bay anthu 84 pa anthu miliyoni imodzi ankafa ndi mphezi chaka chilichonse, chiwerengero choposa zonse zimene zinalembedwapo kale kwina kulikonse. Ndipo imfa ya mphezi m'midzi mwathu sithera pa maliro. Kawirikawiri pamabuka mawu akuti mphezi ija ndi yotumiza, abale amadana, ndipo nkhalamba zosalakwa zimalozedwa chala. Amene waphunzira kuti mphezi 44 zimang'anima pa sekondi iliyonse, pamtunda ndi panyanja, kumene kuli anthu ndi kumene kulibe, ndipo kuti zida zimatha kuloza njira ya mtambo wake, ali ndi mawu oti anene pa bwalo lotere. Wansembe wa mawa adzaitanidwa ku maliro amenewa, ndipo ndi bwino adzapite akudziwa.

TINGAYESE IFE TOMWE

Yesero losavuta likufuna wailesi ya mabatire yokhala ndi MW. Muitchere pamalo pamene palibe siteshoni, muli m'nyumba, madzulo a dzinja. Ching'aning'ani chikaoneka kutali, phokoso la pa wailesi lidzamveka nthawi yomweyo, koma bingu lidzachedwa, chifukwa mawu amayenda kilomita imodzi pa masekondi atatu. Werengani masekondi kuchokera pa phokoso la wailesi kufika pa bingu, mugawe ndi 3, mupeza mtunda wa mphezi m'makilomita. Mungathenso kuwerenga kuti phokosolo lamveka kangati pa mphindi imodzi, nthawi yofanana tsiku lililonse, n'kumalemba m'kope kuyambira Okutobala mpaka Meyi. Pakutha pa chaka mudzakhala ndi mbiri yanuyanu ya mphezi za dera lino.

Ofuna kumva tweek afunika kandodo kachitsulo kotalika mita imodzi kapena ziwiri, kachida kokulitsa mawu ndi zomvetsera za m'makutu, mothandizidwa ndi aphunzitsi a sayansi. Mdani wamkulu wa ntchitoyi ndi mawaya a magetsi, amene amang'ung'udza pa 50 hertz n'kuphimba zonse. Akatswiri a m'mizinda ikuluikulu amayenda mitunda italiitali kufuna malo opanda mawaya, pamene ife malo otere tili nawo m'midzi yambiri ya kwa Mkanda, kwa Zulu ndi kwa Mlonyeni. Kuona maso a nkhono n'kudekha: muyenera kudikira kuti kude bwino.

Chenjezo lalikulu nali. Yesero la panja lichitike pokhapokha kumwamba kuli koyera. Mukangomva bingu, ngakhale lakutali, siyani zonse mulowe m'nyumba yolimba kapena m'galimoto yotseka, ndipo musatuluke mpaka patapita mphindi 30 chimvekereni bingu lomaliza. Osabisala pansi pa mtengo, osaima pabwalo la mpira, padambo kapena pachulu, ndiponso osagwira waya wa mlongoti wa wailesi. Munthu woombedwa ndi mphezi sasunga magetsi m'thupi, choncho musaope kumugwira. Muthandizeni kupuma ndipo muthamangire naye kuchipatala.

MAFUNSO OTI TIKAMBIRANE

1. Chifukwa chiyani mawailesi akutali a MW amamveka bwino usiku kusiyana ndi masana?

2. Tweek ina yaima pa 2,000 hertz. Denga lili pa makilomita angati? Kodi lakwera kapena latsika poyerekeza ndi la m'chitsanzo chathu?

3. Pa 21 Juni 2001 kadamsana anaphimba dzuwa lonse ku Lusaka, ndipo kuno linaphimbika mbali yaikulu. Mukuganiza kuti chigawo cha D chinatani pa nthawi imeneyo?

4. Mphezi yapha munthu m'mudzi mwanu ndipo anthu akuloza chala agogo ena. Mungayankhule bwanji ndi anamfedwa mwaulemu, popanda kunyoza chisoni chawo?